Verna ndi Zigubu za Pachisanu

Verna Lahti ndi munthu amene sangaone chinthu chili pamtetete osachifunditsa. Ndakhala moyandikana naye kuno ku Eveleth, tauni ya migodi ndi chisanu choopsa, kuyambira tonse tili ndi ana kumanja, ndipo ndamuonapo akufunditsa mphika, galu wa eni ake, paipi ya madzi ya kwathu, ngakhale ine ndemwe tsiku lina nditatuluka kukatenga makalata opanda chipewa. Anandithamangira ndi mpango wake ngati ndine mwana wa sukulu ya mkaka, pamene ndine mayi wa zidzukulu, komanso munthu woti ndayendetsa basi ya sukulu pachisanu moyo wanga wonse. Ndinamukalipira, iye n'kungondikulunga mpangowo m'khosi n'kubwerera kwawo.

Khalidwe limeneli sanalitole pamsewu. Verna ndi woyamba kubadwa m'banja la ana ambiri, bambo awo anali a mumgodi, ndipo ali kamtsikana mlongo wake wamng'ono anaduka zala ziwiri za kuphazi chifukwa cha chisanu, tsiku limene iyeyo ndi amene anauzidwa kuti amuyang'anire. Kuchokera pamenepo Verna ndi chisanu samwerana madzi. Atakula analowa ntchito kukhitchini ya sukulu, kumene udindo wake ndi womwewo, woonetsetsa kuti chakudya chafika pamaso pa ana chikadali chotentha. Ali komweko mpaka lero, mutu wonse mbuu, akakolo otupa, ndipo akafika pakhomo amayamba wakhala kaye m'galimoto pang'ono asanapeze mphamvu zotsegulira chitseko.

Mwamuna wake, Reino, ankayendetsa zimagalimoto za miyala kumgodi wachitsulo mpaka anapuma. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma anali ndi misala yake imodzi. Chaka chilichonse mu Januwale, anthu amutu wabwino ali phee m'nyumba, iye ankafesa maluwa panja. Ankasonkhanitsa zigubu za mkaka zapulasitiki, kuzidula pakati, kuthiramo dothi ndi njere, kuzimata ndi tepi, n'kukazindandalika m'mbali mwa mpanda kuti chipale chofewa chizikwirire. Pofika Meyi m'zigubumo munkakhala mutadzaza mbande, ndipo nyengo yotentha yonse agulugufe ankachita kupanikizana pakhomo pawo. Verna ankangoonera pazenera, akupukusa mutu. Ankati zimenezo ndi zochita za amuna osowa ntchito, ndipo sanakhudzepo chigubu n'chimodzi chomwe.

Chaka chatha, maluwa ali mkati mochita bwino, Reino anagwa ndi sitiroko kuseri kwa galaja. Mbali yonse ya kumanja inafa. Mawu nawonso anathawa, n'kungotsala awiri okha, "ayi" ndi "khofi". Ukamupatsa chakudya, ayi. Ukafuna kumusambitsa, ayi. Ukamufunsa ngati wagona bwino, ayi yemweyo. Ankatha kuyenda pang'ono m'nyumba atagwira choyendera chachitsulo cha miyendo inayi, akukoka phazi lakufalo. Zina zonse zinagwera Verna: kumudzutsa, kumuveka, kumukhazika pachimbudzi, kumudulira nyama tizidutswa, kenako kuthamangira kuntchito. M'mawa iye akachoka, ine ndinkakasuzumira kamodzi, kumupatsa Reino khofi wake n'kumusiya pampando wa pazenera mpaka mkazi wake abwere masana.

Mu Novembala Reino anagwa kubafa, n'kung'ambika pachipumi. Mwana wawo Dale anabwera kuchokera kumzinda wa Minneapolis, anaona bambo ake, anaonanso mayi ake mmene anathera, ndipo analankhula mosapsatira mawu. Anati kunyumba yosungirako okalamba ya m'tauni yoyandikana nafe malo alipo, analemberatu dzina, ndipo bambo akadzangogwanso kamodzi, basi, akupita. Verna anauma mutu. Anati iye akadali ndi mpweya mwamuna wake sakagona pabedi la eni ake, kumadyetsedwa ndi atsikana osamudziwa. Anakangana mpaka khofi kuzizira, koma pomaliza Verna analonjeza kuti zikadzachitikanso sadzabisa. Kuyambira tsiku limenelo moyo wake wonse unali pa chinthu chimodzi, choti Reino asagwenso.

Vuto linali loti Reino sankakhazikika. Itangodutsa Khirisimasi anayamba kudzuka pampando payekha, kukwekwereza choyendera chake mpaka kuchitseko cha galaja, n'kumachigogoda ndi dzanja lamoyolo. Verna anayesa kumukalipira, anayesa kumunyengerera ndi wailesi yakanema, osathandiza. Tsiku lina anatsegula chitsekocho mopsa mtima kuti aone chimene mdalayo akufuna, ndipo Reino analoza pashelefu pamene panali zigubu za chaka chatha, zotsukatsuka, ndi timabotolo ta njere zimene anakolola asanadwale.

Madzulo ake Verna anabwera kwathu, n'kudzigwetsa pampando osavula n'komwe jekete.

"Arlene, ukudziwa kufesa maluwa m'zigubu iwe?"

"Ine? Ngakhale duwa la pulasitiki limandifotera ine."

"Ndiye tiphunzira tonse. Mwina akamaona zigubu zakezo pazenera akhala pansi. Ndatopa n'kuthamangitsana ndi mdala wa mwendo umodzi."

Tinafesa Loweruka m'mawa, pathebulo la kukhitchini, titayala manyuzipepala. Sindidzaiwala mmene Reino anasinthira tsiku limenelo. Munthu woti miyezi yonseyi ankangokhala ngati thumba la mbatata anawongoka msana, maso n'kuyamba kuwala. Ankatilamula ndi chala. Verna atathira dothi lochepa, anagogoda pathebulo mpaka linakwana kuya kwa chikhatho. Nditathira madzi pang'ono, anagogodanso mpaka dothi linanyowa n'kuyamba kudontha m'timabowo tapansi. Njere ankaika yekha, kuzikanikiza ndi chala chachikulu, zina osazikwirira n'komwe. Ife tinkangomata tepi n'kulemba mayina pazigubu, tikukopera pa timabotolo. Zambiri zinali za maluwa a m'tchire a konkuno, zina za maluwa otchedwa lupini ndi popi. Verna anatulutsa zitsekerero za zigubuzo m'kabati kuti atsekepo, koma Reino anazikankha ndi chigongono zonse n'kumwazikira pansi. Verna anazitola akung'ung'udza n'kuziponya m'thumba la epuloni.

Tinakazindandalika m'mbali mwa mpanda, pamene Reino akanatha kuziona ali pampando wake, ndipo chipale chinagwa n'kuzikwirira mpaka m'khosi. Nzeru ya Verna inagwira. Reino anasiya kuyendayenda. Ndikapita ndi khofi ndinkamupeza ali duu, akuyang'ana timilomo ta zigubu titatulukira pachipale, ngati pali chinachake chimene chikuchitika pamenepo. Verna anati wapeza mlezi waulere. Kwa masabata angapo anapumako, mpaka tsiku lina ndinamumva akuseka pafoni, chinthu chimene ndinali nditachiiwala.

Kumapeto kwa Januwale kunabwera kuzizira kuja kumene ngakhale ife obadwira kuno timakupatsa ulemu. Sukulu zinatsekedwa, magalimoto anakana kulira, ndipo mphepo inasesa chipale chonse cha kumpanda n'kusiya zigubu zili pambalambanda. Ndinali pazenera langa pamene ndinaona Verna atavala jekete la mwamuna wake, akuzula zigubu ziwiriziwiri n'kumalowa nazo pakhonde lawo lotchinga ndi magalasi. Nditapita masana ndinapeza zonse zili pakhonde, chilichonse chili ndi chitsekerero chake, zitafunditsidwa bulangete lakale, pambali pake hita yotenthetsera ili ngwee. Mkati Reino anali kubwereza mawu ake aja, mokweza kuposa masiku onse, akumenya dzanja pampando.

"Ayi wakoyo ndatopa naye, bambo iwe," anatero Verna, akumukonzera pilo. "Dothi lauma gwa ngati njerwa. Ukufuna tinthu takoti tife? Ndakupulumutsira, m'malo moti uthokoze."

Ndinamuuza kuti ine sindinaonepo Reino akulowetsa zigubu m'nyumba. Anayankha kuti kuzizira ngati kumeneku sikunachitikepo Reino ali ndi zigubu, ndipo munthu wamisala yekha ndi amene angasiye chamoyo panja tsiku lotere. Nanenso ndikaona tinjere tating'onoting'ono tija ndinkaona ngati akunena zoona.

Kuzizira kunadutsa, koma zigubu zinakhalabe pakhonde. Posakhalitsa zina zinayamba kumera. Timbande take tinali toyezuka, tatitali ngati ulusi, tonse titapendekera kumagalasi. Verna ananyadira. Ananyamula chigubu chimodzi kukamuonetsa Reino, akuti taona, ndani ankati sindidziwa kulima. Reino anasuzumira mkati, kenako anatembenuzira nkhope kukhoma. Tsiku limenelo anakana ngakhale khofi.

Zimenezi zinandivutitsa, ndiye Lamlungu ndinafunsa Lorraine wa kutchalitchi, amene amadziwa za maluwa ndipo safuna kuti munthu aiwale zimenezo. Anagwira pakamwa. Anati njere za kuno zimafuna chisanu chenichenicho. Zimafuna kuuma n'kusungunuka, kuuma n'kusungunuka, mpaka khungu lake lifewe, ndipo zimadziwa zokha nthawi yodzukira. Ukazifunditsa, zina zimanamizika n'kumera nthawi isanakwane, ndiye zimafa, pamene zina zimangogona osadzukanso kapena kuwolera m'dothi. Chitsekerero ndiye sichifunika n'komwe, chifukwa pakamwa pa chigubu ndi polowera chipale ndi mvula, ndi potulukira mpweya. Anati zomera kalezo tingoziiwala, koma zosamerazo zibwerere panja msanga, mwina n'kupulumuka.

Ndinakamuuza Verna tsiku lomwelo. Ndinamupeza akuchapa zofunda za Reino kachiwiri. Anamvetsera, manja ali m'chiuno, ndipo sanatsutse. Anangoti, "Chabwino, mawa." Mawa lake kuntchito kunasowa munthu, iye n'kugwira za anthu awiri. Tsiku linalo Reino anadzuka ndi m'mimba. Kenako chipale chinagwa chambiri, njira ya kumpanda inafunika kufosholedwa, ndipo msana wa Verna unali utakana. Ndinati ndizitulutse ine, koma anandiletsa, akuti wazilowetsa yekha, azitulutsanso yekha. Ndikumudziwa Verna. Kutopa kunalipo ndithu, koma panalinso timbande tija, tamoyo, tobiriwira pang'ono. Kutitenga ndi manja ake n'kukatiika pachisanu zinkamukanika, ndipo kusankha zigubu zomera ndi zosamera kunkafuna mutu umene iye analibenso. Masiku ankangopita, Reino ali pampando wake, akuyang'ana mpanda wopanda kanthu.

Tsiku limene zinachitika ndinamupatsa khofi monga mwa nthawi zonse, ndipo anamwa yense bwinobwino, ali chete. Ndinabwerera kwathu kukasita. Masana ndinamva galimoto ya Verna ikulowa, koma sindinamve chitseko chake chikutsekedwa. Nditasuzumira ndinaona galimoto ili chiimire, injini ikulira, Verna ali mkati, manja ali pachiwongolero, akuyang'ana kutsogolo. Ndinatsatira kumene ankayang'anako. Kumpanda kunali choyendera chija chitagwa chammbali, ndipo pafupi pake, pachipale, panali Reino.

Ndinatuluka ndi masilipasi. Pamene ndinkafika, Verna nayenso anali atatsika, akuthamanga mmene angathere. Reino anali moyo, maso ali tong'o, atavala juzi yokha, tsaya litakalika, milomo itachita bii. Zimene anachita zinkaoneka poyera. Ankakoleka chigubu chimodzi pachoyendera chake, kutsika nacho masitepe a khonde, kukwekwereza phazi mpaka kumpanda, n'kubwerera kukatenga china. Zingapo zinali zitafika kale, zitaima pamzere bwinobwino, ndipo zonse zinali zosamera zokhazokha. Zitsekerero zake zinali mbwee pamasitepe, zili ndi zipsera za mano.

Amayi awiri okalamba sanganyamule mwamuna wa kumgodi. Ndinathamangira kugalaja kwanga kukatenga chotsetserekera pachipale cha zidzukulu zanga, chija chapulasitiki, tinamugubuduzira pamenepo n'kumukoka mpaka pakhomo, kenako tinalimbana naye masitepe mpaka tonse kutha mpweya. Verna anamuvula zonyowa, kumukulunga mabulangete onse a m'nyumba, kumufufuza thupi lonse fupa ndi fupa. Panalibe chothyoka. Zala zinabwerera mtundu wake. Nesi amene amabwera kudzamuona anamuyeza madzulo omwewo n'kunena kuti wapulumuka, koma akanakhalitsa pang'ono tikanakamba zina.

Nesiyo asanabwere, ine ndi Verna tinakhala kukhitchini, tikumuona Reino pakhomo lotsegula. Ndinamuuza Verna kuti ine sindinaone kanthu. Tsaya tinena kuti wadzikanda pogona, nesi timupempha asaulule, Dale ali kutali, ndipo zigubu tizitulutsa lero lomwe kuti mdalayu asadzukenso. Ndinali kunena zochokera pansi pa mtima, chifukwa ndinkadziwa zimene nyumba imeneyi inali kwa onse awiri.

Verna analankhula motsitsa, maso ali pathebulo.

"Unandiona m'galimoto muja?"

"Ndinakuona. Unachita mantha, aliyense akanatero."

"Sanali mantha, Arlene. Ndinamuona bwinobwino ali pansi, ndipo thupi langa linangoti, basi, zatha, ndipuma. Ndinakhala pamenepo ndikudziwa kuti akuzizidwa. Ineyo, Verna. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji."

Ndinayesa kumuuza kuti inali nthawi yochepa, kuti munthu wotopa amaganiza zambiri zimene sakutanthauza. Anapukusa mutu. Anati lero anatsika, koma sangalonjeze kuti tsiku lina adzatsika msanga, ndipo mwamuna wake sayenera kusungidwa ndi munthu woti akuyamba wakambirana kaye ndi mtima wake. Ndinamva chisoni chachikulu, komanso ndinapsa mtima, osadziwa kuti ndikupsera ndani.

Anatenga foni n'kukakhala pafupi ndi Reino. Sanamubisire. Anamuuza kuti akuimbira Dale, amuuza zonse, ndipo akudziwa chimene chitsatire. Reino anati ayi. Anabwerezanso, akumuyang'ana m'maso, ndipo panalibe aliyense m'chipindamo amene akanati sakudziwa chimene akunena. Verna anagwira dzanja lake lamoyolo, Reino n'kulichotsa. Verna anaimbabe foniyo.

Dale anabwera kumapeto kwa sabata, ndipo sabata yotsatira anamutenga Reino kupita naye kunyumba ya okalamba ija. Zigubu zotsala Verna anazitulutsa yekha tsiku lomwe Reino anachoka, zonse, zomera ndi zosamera zomwe, atachotsa zitsekerero. Timbande toyezuka tija tinafa tsiku lomwelo. Zosamerazo zinakhala pachipale mwezi wa Malichi wonse, ndipo kumapeto kwa Epulo zambiri zinadzuka, zazifupi, zonenepa, zobiriwira kwambiri, zosiyana kutalitali ndi zapakhonde zija. Lorraine anabwera kudzamuonetsa kawokeredwe, ndipo Verna anawoka mzere umodzi wokhotakhota m'mbali mwa mpanda, mawondo akulira.

Amapita kukamuona Reino tsiku lililonse akaweruka. Ulendo wina ndinamuperekeza, atanyamula chigubu chimodzi cha lupini. Malowo ndi aukhondo, atsikana ake ndi aulemu, ndipo Reino wanenepako. Analandira chigubucho pamiyendo, anapisa chala m'dothi kuti amve chinyezi, anatembenuza tsamba limodzi n'kuliyang'ana kunsi. Anachita nacho nthawi yaitali. Mkazi wake sanamuyang'ane ngakhale kamodzi, ndipo Verna akuti wakhala akutero kuyambira tsiku la foni lija.

Pobwerera ndinayendetsa ndine. Ndinamufunsa mmene akupezera yekhayekha m'nyumba muja, ndikuyembekezera kuti anena kuti tulo sakutiona. Anayang'ana panja, kumene chipale chomaliza chinali kusungunuka m'ngalande.

"Ndikumagona, Arlene," anatero. "Ndikumagona bwino kwambiri, mpaka kucha, osatembenuka n'komwe. Chimenecho ndiye chikundipweteka."